Msuzi umene unagona m'chipinda cha mowa: lipoti la kudwala kwa alendo pa pub ina ya kumudzi ku England

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito m'makhitchini a ma pub (malo omwera mowa ndi kudyera) ndi mahotela kuno ku Britain, makamaka amene achoka kumene pa sinki n'kuyamba kuima pa sitovu, komanso amene apatsidwa udindo woyang'anira anzawo. Ntchito yanga ndi ya ulangizi pa ukhondo wa chakudya, ndipo ndisanaiyambe ndinali wophika. Nkhaniyi inachitika pa pub ya m'mudzi wina wa ku Herefordshire, kumadzulo kwa England, kufupi ndi malire a Wales. Sinditchula dzina la malowo kapena la munthu aliyense, chifukwa anthu ake akadali pa ntchito ndipo zimene zinalakwika anazikonza.

Nyumbayo ndi ya mtundu wofala m'dera limenelo, ya mitanda yakuda ya mtengo wa oak ndi makoma oyera, ndipo denga lake ndi lotsika moti munthu wamtali amayenda chowerama. Inakhala yotseka kwa zaka zingapo mwini wake wakale atalephera kuiyendetsa. Kenaka anthu a m'mudzimo anailembetsa ku khonsolo ngati malo ofunika kwa anthu a m'deralo, monga momwe lamulo la Localism Act la 2011 limalolera, anasonkha ndalama pogula masheya, n'kuigula. Popeza nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa, m'gulu la Grade II, palibe amene angagwetse khoma kapena kukulitsa chipinda popanda chilolezo chapadera. Pa nthawi yokonzanso, ndalama zambiri zinapita ku denga, ku mipando ndi ku malo osonkhapo moto wa nkhuni umene alendo amawotha. Khitchini inatsala momwe inalili, yopapatiza, ya mauvuni awiri, sitovu ya gasi ya mapuleti 6 ndi kachipinda kamodzi kozizira, pamene kodyera kunali mipando pafupifupi 60.

Kwa ma pub ambiri a kumidzi, Lamlungu masana ndiyo nthawi imene ndalama imalowa kwambiri pa sabata yonse. Mbale yake ndi yodziwika: nyama yootcha mu uvuni, mbatata za kachewere zootcha m'mafuta a ng'ombe, Yorkshire pudding (chofufumitsa cha fulawa, mazira ndi mkaka chootcha mu uvuni), ndiwo zamasamba ndi msuzi wothira pamwamba. Pub imeneyi inatchuka chifukwa chophika zimene zimapezeka pafupi komanso pa nyengo yake. Nyama inkachokera ku ng'ombe za mtundu wa Hereford, zofiira zija za nkhope yoyera, za pa famu ya m'dera lomwelo, ndipo m'mwezi wa Malichi masamba ake anali kabichi ya savoy, leek, swede ndi broccoli wofiirira amene amaphuka chisanu chikamatha. Koma chimene a shefu ankanyadira kwambiri chinali msuzi. Mafupa ankaotchedwa Lachisanu, n'kuwira tsiku lonse la Loweruka pamodzi ndi anyezi, karoti ndi cider (mowa wa maapulo) wa m'deralo, ndipo usiku wa Loweruka ankausefa ndi kuulimbitsa ndi fulawa. Msuzi wa m'mapaketi sunkaloledwa kulowa m'khitchinimo.

Tsiku la vutoli linali Mothering Sunday, tsiku lolemekeza amayi ku Britain, limene limakhala Lamlungu lachinayi la nyengo ya Lenti, masabata atatu Pasaka isanafike. Pa Lamlungu wamba alendo ankadya m'magulu awiri. Chaka chimenecho komiti ya eni masheya inagwirizana zowonjezera gulu lachitatu, kotero kuti matebulo anadzaza 12 koloko masana, anadzazanso 2 koloko, n'kudzazanso 4 koloko madzulo. Pafupifupi tebulo lililonse linali ndi mayi kapena agogo okalamba.

Foni yoyamba inalira Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa. Bambo wina anauza a manijala kuti iye, akazi ake ndi apongozi ake anadzuka pakati pa usiku m'mimba mukupotokola, ndipo anatsegula m'mimba mpaka mbandakucha. A manijala anapepesa n'kulemba dandaulolo, koma sanade nkhawa kwenikweni, ndipo sindingawaimbe mlandu pa zimenezo, poti banja limodzi limatha kudwala ndi zimene linadya kunyumba kwawo. Isanakwane 11 koloko, mabanja ena osadziwana anali atayimbanso ndi dandaulo lomwelo, ndipo munthu wina anali atalemba za nkhaniyi pa Facebook. Apo ndi pamene anandiitana.

Nditafika ndinapeza khitchini ikununkha mankhwala otsukira, ndipo zotsala za dzulo lake zili m'matumba akuda pakhomo la kumbuyo. Mantha amachititsa munthu kuthamangira kutsuka, koma kutsuka pa nthawi ngati imeneyi kumafafaniza umboni, kuphatikizapo umboni umene ukanamuchotsera mlandu munthu wosalakwa. Ndinaimitsa ntchito yonse. Mwamwayi m'kachipinda kozizira munatsala chidebe cha msuzi, zidutswa za nyama ya ng'ombe ndi ya nkhumba, ndi masamba ophika pang'ono. Zonsezi tinazimata, kulembapo tsiku ndi nthawi, n'kuziika pa shelefu ya zokha.

Nkhani yachiwiri inali ya buku. Malowa ankagwiritsa ntchito buku la Safer Food, Better Business limene a Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chitetezo cha chakudya, anakonzera mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo masamba a Loweruka ndi Lamlungu anali ndi mipata yosalemba. A manijala, amene ndi munthu wachilungamo koma anali atasokonezeka mutu, anafunsa ngati kungakhale kulakwa kudzaza mipatayo malinga ndi zimene anthu akukumbukira. Ndinawakumbutsa zimene zinachitika ku Hornchurch, kum'mawa kwa London. Mu 2012 mayi wina anamwalira atadya chakudya cha tsiku la Khirisimasi pa pub ina, ndipo mu 2015 wophika ndi manijala anapita kundende chifukwa cholemba zabodza m'mabuku a ukhondo pofuna kuphimba m'maso ofufuza, pamene kampani yake inalipitsidwa £1.5 miliyoni. Mpata wosalemba ndi cholakwa chimene munthu angachifotokoze, koma nambala yolembedwa pambuyo pa ngozi ndi mlandu wina pawokha. Bukulo linatsekedwa momwe linalili.

Tsiku lomwelo tinayimbira a zaumoyo a ku khonsolo. A manijala ankaopa kuti kuyimba kumeneko n'kudzitsekera wekha bizinesi. Ndinawafotokozera kuti lamulo limafuna kuti wogulitsa chakudya adziwitse akuluakulu akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti chakudya chake chavulaza anthu, komanso kuti nkhaniyi ikanawafikirabe kudzera kwa madokotala a odwalawo. Tinagwirizana ndi woyendera wa ku khonsolo kuti ife tiyimbire aliyense amene anasungitsa malo, timuchenjeze ndi kumufunsa mafunso ochepa ofanana, ndipo mayankho onse tiwapereke kwa iwo. Tinkafunsa zimene munthu anadya, nthawi imene anakhala pa tebulo, nthawi imene anayamba kudwala ndi momwe akumvera. Onse tinkawalangiza kumwa madzi ambiri, ndipo amene anali ndi okalamba tinkawapempha kuyimbira NHS 111, nambala ya foni ya uphungu wa zaumoyo, kapena dokotala wawo osadikira.

Mayankho atayamba kuchuluka, matendawo anaonetsa maonekedwe ake. Pafupifupi onse anayamba kudwala pakati pa usiku ndi mbandakucha, patapita maola 8 mpaka 14 kuchokera pamene anadya. Onse ankatsegula m'mimba ndi kumva kupotokola, koma osanza anali ochepa kwambiri ndipo panalibe wotentha thupi. Zimenezi zinatithandiza kuchotsapo mitundu ingapo ya tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Norovirus amabwera ndi kusanza kwambiri ndipo amafala kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Poizoni wa Staphylococcus aureus amasanzitsa pakangopita maola ochepa. Campylobacter, amene amakonda kupezeka mu nkhuku, amatenga masiku awiri mpaka asanu asanaoneke. Chimene chinkagwirizana ndi zonse zimene tinamva chinali Clostridium perfringens.

Ndisanafike, anthu anali ataloza kale chala mnyamata wotsuka mbale. Iye anali atafika kumene m'dziko muno, Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo sabata yapitayo anali atajomba chifukwa cha m'mimba. Membala wina wa komiti ankafuna kuti achotsedwe ntchito tsiku lomwelo kuti anthu a m'mudzi aone kuti china chake chachitika. Nditafufuza ndinapeza kuti mnyamatayo anabwerera ku ntchito patapita maola opitirira 48 kuchokera pamene anachira, monga momwe malangizo amanenera, ndipo sanakhudze chakudya chopita pa tebulo. Kuwonjezera apo, matenda a Clostridium perfringens safala kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu, amayamba m'chakudya chimene chakhalitsa chili chofunda. Ndikutsindika mfundo imeneyi chifukwa ambiri a ife tinayambira pa sinki pomwepo, ndipo tikudziwa kuti khitchini ikagwa m'mavuto, amene mawu ake samveka ndiye amayamba kusenzetsedwa mlandu. Mnyamatayo sanadziteteze ngakhale pang'ono. Anamuteteza maola a pakati pa kudya ndi kudwala, amene tinawalemba bwinobwino.

Alendo ambiri ankakayikira nyama ya ng'ombe, poti inali yofiirira m'kati monga momwe ambiri kuno amaikondera. Koma mnofu wathunthu wa ng'ombe umene sunapindidwe kapena kugayidwa umakhala ndi tizilombo kunja kokha, ndipo kunjako kukapsa bwino, m'kati mukhoza kutsala mofiirira popanda vuto. Nkhuku, nkhumba, nyama yogaya ndi nyama yopinda n'kumanga ndi ulusi ndizo ziyenera kupsa mpaka m'kati. Komanso amene anadya nkhumba anadwala chimodzimodzi ndi amene anadya ng'ombe. Mwa amene sanadwale munali osadya nyama, omwe anapatsidwa chakudya cha mtedza ndi msuzi wawo wa masamba, komanso ana angapo amene anakana msuzi.

Zinthu zinatembenuka pamene tinasanja mayankhowo potsata nthawi yokhala pa tebulo. Mwa amene anadya 12 koloko panalibe ndi mmodzi yemwe wodwala. Odwala onse anali a 2 koloko ndi a 4 koloko, ndipo a 4 koloko ndi amene anavutika kwambiri. Nyama yonse inaotchedwa m'mawa womwewo, ndipo masamba ankaphikidwa atsopano pa gulu lililonse. Funso linasanduka lakuti, kodi msuzi wa 12 koloko unasiyana bwanji ndi wa 2 koloko, pamene wonsewo unachokera mu poto mmodzi?

Ndinalankhula ndi ogwira ntchito mmodzimmodzi, m'khitchini momwemo osati mu ofesi, ndipo sindinafunse kuti analakwa ndani. Ndinkangopempha aliyense kuti andionetse ndi manja zimene anachita. Wachiwiri kwa a shefu ndiye anandionetsa za Loweruka. Masabata ena onse msuzi unkakhala wochepa, ankaugawa m'zidebe zing'onozing'ono n'kuziimika mu sinki ya madzi ozizira, kenaka n'kuzilowetsa m'kachipinda kozizira. Sabata imeneyo, chifukwa cha gulu lachitatu lija, anaphika poto wa malita 40 wodzaza. Anauphula cha m'ma 10 koloko usiku, sinki ili yodzaza ndi mbale za alendo a usikuwo, ndipo kachipinda kozizira kali kothithikana ndi nyama ndi masamba a tsiku lotsatira. Iye anaganiza bwino pokana kulowetsa poto wotentha pakati pa nyama yaiwisi, chifukwa akanatenthetsa chipinda chonse. Choncho anthu awiri ananyamula potoyo, ali wovundikira, n'kutsika naye masitepe amiyala kupita m'chipinda cha pansi pa nyumba chosungiramo mowa.

Chipinda cha mowa wa m'migolo chimasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13, chifukwa mowa wa mtundu umenewo umakoma pamenepo. Munthu wochokera m'khitchini yotentha akatsikiramo amamva kuzizira m'mafupa, n'kuganiza kuti walowa mu firiji. Koma lamulo ku England limati chakudya chofunika kuzizira chisungidwe pa madigiri 8 kapena kutsika apo, ndipo ife timalangiza madigiri 5. Vuto lalikulu silinali la kutentha kwa chipindacho kokha, linali la kukula kwa potoyo. Malita 40 a msuzi wolimba ndi fulawa, wovundikira, wokhala pamalo opanda mphepo yoyenda, amataya kutentha kwake pang'onopang'ono kwambiri.

Clostridium perfringens amapezeka m'nthaka ndi m'matumbo a ziweto, choncho kupezeka kwake pa mafupa kapena pa masamba si chizindikiro cha uve wa mlimi. Zinthu zikamuvuta amadzitsekera m'kachigoba kolimba, kamene akatswiri amati spore, ndipo kachigoba kameneka kangathe kupirira kuwira kwa nthawi yaitali. Chakudya chikamazizira n'kufika cha m'ma madigiri 50, iye amatuluka n'kuyamba kuswana, ndipo pa madigiri 43 mpaka 47 chiwerengero chake chimatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 10 zokha. Safuna mpweya, ndipo msuzi wowira wataya kale mpweya wake, pamene mafuta oundana pamwamba amatsekeratu njira yoti wina ulowe. Munthu akameza tizilomboti tochuluka, timatulutsa poizoni m'matumbo mwake. Ife amene tinakulira kumudzi tinazolowera kudziwa ndiwo zogona ndi mphuno: ukavundukula poto m'mawa, fungo limakuuza ngati zasasa. Kuno luso limenelo silitithandiza, chifukwa msuzi wodzaza ndi tizilombo timeneti sununkha, susasa ndipo susintha maonekedwe. A shefu anaulawa Lamlungu m'mawa n'kuupeza wokoma monga mwa nthawi zonse.

Komabe kuzizira mochedwa pakokha sikukanadwalitsa anthu, chifukwa tizilombo timene tatuluka m'zigoba timafa chakudya chikatenthetsedwanso mpaka madigiri 75 m'kati monse. Ichi ndicho chinapulumutsa alendo a 12 koloko. M'mawa, sitovu isanadzaze, gawo loyamba la msuzi linawiritsidwa mu poto waung'ono mpaka kubwadamuka, kenaka linathiridwa mu bain-marie, chiwiya chija cha madzi otentha chosungira chakudya chili chotentha. Itadutsa 1 koloko, mapuleti onse 6 anali ndi masamba, mauvuni ali ndi Yorkshire pudding ndi mbatata, ndipo msuzi mu bain-marie unali kutha. Wothandizira wina anatenga chipande n'kumatunga mu poto wamkulu uja kuthira mwachindunji mu bain-marie, ndipo anachita zimenezi kangapo mpaka madzulo. Chiwiya chimenechi chinapangidwa kuti chisunge chakudya chotentha kale pa madigiri 63 kapena kupitirira, osati kutenthetsa chozizira. Msuzi wothiridwa motero umangofunda, n'kukhala maola ambiri pa kutentha kumene tizilomboti timakonda. Pamwamba pake pankatuluka nthunzi, mbale zinali zotentha, nyama inali yotentha, choncho palibe mlendo amene anadandaula kuti msuzi wazizira.

A shefu, omwe agwira ntchitoyi zaka zambiri, sanakhulupirire kuti chipinda chozizira chotere chingasiye msuzi uli wofunda usiku wonse. Sindinakangane nawo. Tinagwirizana kuphika msuzi wina wofanana, wosapatsa munthu aliyense, n'kuutsitsira m'chipinda chomwecho pa nthawi yomweyo, titalowetsa pakati pake kachipangizo kolemba kutentha usiku wonse. M'mawa wake cha m'ma 7 koloko tinatsika limodzi. Pamwamba panali mafuta oyera oundana, okhuthala ngati chala, ndipo chitsulo cha m'mbali mwa poto chinali chozizira pochikhudza. A shefu anaika dzanja pa chitsulocho n'kundiyang'ana. Kenaka anaboola mafutawo ndi choyezera kutentha mpaka pakati, ndipo chinasonyeza madigiri 33. Kachipangizo kaja kanaonetsa kuti msuziwo unakhala maola opitirira anayi uli pansi pa madigiri 50 koma usanafike ngakhale pa 30. Kuyambira pamenepo a shefu ndi amene anatsogolera kusintha konse. Ndimalangiza anzanga kuti akakumana ndi mmisiri wokayikira, amupatse choyezera m'manja mwake kuti nambala aione yekha, chifukwa lamulo limene munthu sanalikhulupirire amalitsata pokhapokha pamene woyang'anira ali pafupi.

Patapita masiku angapo zotsatira za ku labotale zinatsimikiza kuti Clostridium perfringens analipo wochuluka mu msuzi wotsala uja komanso m'chimbudzi cha odwala amene anayezedwa. Mu nyama ndi masamba simunapezeke vuto. Woyendera wa ku khonsolo anatsitsa malowo kuchoka pa 5 kufika pa 2 pa muyeso wa ukhondo umene umayambira pa 0 kukafika pa 5. Khitchini inali yoyera, koma dongosolo lolembedwa linalibe mzere uliwonse wokhudza kuziziritsa chakudya chophika. Mafiriji ankayezedwa, nyama yootcha inkayezedwa, koma msuzi, umene unkagwira mbale iliyonse, sunali ntchito ya munthu aliyense kuyambira pamene waphulidwa. Ku England kupachika chikwangwani cha muyesowu pakhomo n'kosakakamiza, pamene kutsidya kwa malire, ku Wales, lamulo limakakamiza kuyambira mu 2013. Ena m'komiti ankafuna kuti pakhomo pangokhala popanda kanthu. Ndinalangiza kuti apachike 2 yemweyo pamodzi ndi kalata yofotokoza zimene zinachitika ndi zimene akuchita, popeza m'mudzi waung'ono aliyense ankadziwa kale, ndipo ambiri mwa odwalawo anali achibale a eni masheya.

Msonkhano wa komiti unali wovuta kuposa kufufuza konse. Msungichuma anati njira yachidule ndiyo kugula msuzi wa m'mapaketi umene amangosungunula ndi madzi otentha, chifukwa ndi wotchipa ndipo sugona. Ndinatsutsa maganizo amenewa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anthu ankayenda mitunda italiitali kubwera kuno chifukwa cha chakudya chophikidwa kuchokera pa chiyambi, ndipo mlimi wa ng'ombe uja ankadalira kuti pub ikugula nyama pamodzi ndi mafupa ake. Chachiwiri, kuchotsa msuzi sikukanachotsa vuto, chifukwa khitchini yophika za pa nyengo imakhala ndi zakudya zina zambiri zogona: supu, phewa la nkhosa lophika usiku wonse, nyama ya gwape yofutsa, nyama ya m'kati mwa ma pie. Ena anafuna kumanga khitchini yaikulu, koma pa nyumba yotetezedwa zimenezo zimafuna chilolezo chimene chimatenga miyezi ndipo chikhoza kukanidwa, komanso ndalama panalibe. Wina anabweretsa maganizo ochotsa a shefu. Apa ndinayankha mosabisa kuti gulu lachitatu la alendo linavomerezedwa ndi komiti yomweyo popanda kufunsa a kukhitchini ngati ali ndi poika chakudya chake, ndipo kuti kuchotsa munthu amene wanena zoona kukanaphunzitsa otsalawo kubisa.

Mfundo imene ndinaika patsogolo pawo inali yakuti chiwerengero cha alendo chiyambire pa zimene khitchini ingathe kuziziritsa, osati pa mipando imene ili kodyera kapena pa kukula kwa uvuni. Nyumba zakale zokonzedwanso zimakhala ndi vuto limeneli kawirikawiri, chifukwa kodyera n'kosavuta kuwonjezera tebulo pakona, pamene kumbuyo khoma la zaka mazana silisuntha. Aliyense amawerengera moto, koma ndi ochepa amene amawerengera malo ndi nthawi yoti zophikazo zizizire.

Kuti zimenezi zitheke, tinagula blast chiller yaing'ono, makina oziziritsa mwachangu ndi mphepo yamphamvu, amene amatsitsa chakudya kuchoka pa madigiri 70 kufika pa 3 m'mphindi 90 ngati chili m'mathireyi osazama. Inakwana pamalo pamene panali shelefu ya zouma popanda kukhudza khoma, ngakhale panafunika kukokera waya watsopano wa magetsi. Kaphikidwe ka msuzi kanasinthanso. Mafupa tsopano amaotchedwa Lachinayi, ndipo madzi ake amawiritsidwa Lachisanu mpaka kuphwera n'kutsala gawo limodzi mwa magawo atatu, popanda fulawa. Amathiridwa m'mathireyi mosapitirira masentimita 5 kuya kwake, masana dzuwa likadalipo, osati 10 koloko usiku pamene aliyense watopa ndipo akuganiza za kunyumba. Akazizira amaundana ngati jele ndipo amatenga malo ochepa m'kachipinda kozizira. Lamlungu msuzi umapangidwa kawiri, m'mawa komanso gulu lachiwiri lisanakhale, pa mbaula ya magetsi ya yokha imene siloledwa kuphikirapo china chilichonse. Mu bain-marie simuwonjezeredwa kanthu: chiwiya chikatha chimachotsedwa chonse, n'kuikapo china cha msuzi wongowira kumene umene wayezedwa. Chakudya chophika sichitsikiranso m'chipinda cha mowa.

M'buku tinawonjezera mzere umodzi wokhala ndi dzina la chakudya, nthawi yophula, kutentha kwake patapita mphindi 90 ndi dzina la woyeza. Chikapezeka chili pamwamba pa madigiri 8 pa nthawi imeneyo, woyezayo ayenera kuitana a shefu, ndipo ali ndi mphamvu yochitaya popanda kuopa kudulidwa malipiro. Mphamvu imeneyi inalembedwa ndi kusainidwa ndi komiti, chifukwa wantchito wamng'ono sangataye nyama ya ndalama zambiri ngati sakudziwa kuti akuluakulu ali kumbuyo kwake.

Pali chinthu china chimene nkhaniyi inavumbula chokhudza malo ophika za pa nyengo. Dongosolo la ukhondo la pub imeneyi linalembedwa kamodzi, pa nthawi yotsegulira, potengera zakudya za mwezi umenewo. Koma mndandanda wa zakudya unkasintha pafupifupi sabata iliyonse malinga ndi zimene alimi abweretsa. Mbalame za pheasant zimaloledwa kusakidwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 1 Febuluwale, ndipo nthawi imeneyo khitchini imadzaza ndi zofutsa ndi ma pie zimene zimaphikidwa dzulo lake. M'miyezi yotentha zambiri zimaphikidwa ndi kudyedwa nthawi yomweyo. Choncho ngozi imasuntha ndi nyengo pamene pepala likungokhala lomwelo. Tinagwirizana kuti chakudya chatsopano chilichonse chisanalembedwe pa bolodi, a shefu ayankhe m'buku mafunso awiri, ngati chidzagona, ndipo ngati chidzagona, chidzazizira kuti komanso mochuluka bwanji. Pa chifukwa chomwecho nyama za Lamlungu zinachepetsedwa kuchoka pa mitundu itatu kufika pa iwiri.

Odwala ambiri anachira pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Agogo ena anagonekedwa m'chipatala usiku umodzi chifukwa madzi anawathera m'thupi, koma anatuluka ali bwino, ndipo a manijala anakawaona kunyumba kwawo. Madandaulo ofuna chipukuta misozi anapita kwa a inshuwaransi. Khonsolo inapereka chenjezo lolembedwa koma sinatengere nkhaniyi ku khoti, ndipo woyendera ananena kuti kudziwitsidwa msanga, kusungidwa kwa zotsala ndi buku losakhudzidwa zinathandiza pa chiganizo chimenecho. Pub inaimitsa yokha chakudya cha Lamlungu kwa mwezi wathunthu, kotero inataya Pasaka, imene ndi tsiku lina la ndalama zambiri, ngakhale kuti bala inali yotsegula. Inayambiranso kumapeto kwa Epulo, nyengo ya asparagus itangoyamba, imene mwa mwambo wa ku England imatsegulidwa pa 23 Epulo n'kutha cha pa 21 Juni. Masabata oyamba matebulo ambiri anali opanda anthu, ndipo anadzadzaza bwino m'miyezi yotentha.

Patapita miyezi ingapo anapempha kuti ayenderedwenso ndipo anapatsidwa 4. Sanafike pa 5 chifukwa cha miyala yakale ya pansi m'kanjira kolowera kukhitchini, imene ili ndi ming'alu yovuta kutsuka ndipo singachotsedwe popanda chilolezo. Mnyamata wotsuka mbale uja anatumizidwa ku maphunziro a ukhondo wa chakudya a Level 2, ndipo ntchito yoziziritsa ya Lachisanu ili m'manja mwake. Ndalama za Lamlungu n'zocheperapo poyerekeza ndi zimene komiti inkayembekezera, ndipo membala mmodzi anatula pansi udindo chifukwa sanagwirizane ndi kuchepetsa alendo. Pa Mothering Sunday ya chaka chotsatira magulu anali awiri okha, ndipo mabanja ambiri anabwezedwa chifukwa malo anatha. Nkhani ya gulu lachitatu imabwerabe pa misonkhano ya komiti, ndipo a shefu amayankha kuti lidzatheka pokhapokha patapezeka malo oika blast chiller yachiwiri. Pempho la chilolezo chosandutsa kanyumba ka kumbuyo kukhala chipinda chozizira linaperekedwa ku khonsolo, ndipo pamene ndikulemba lipotili yankho lake silinabwere.